Sikelo imene timayezera antchito athu



Mwezi wathawu ana awiri amene ndinawaphunzitsa anandipeza sabata imodzi, wina Lolemba wina Lachinayi, aliyense ndi dandaulo lake la kuntchito. Maina awo sinditchula, malo a ntchitowo sinditchulanso, chifukwa sindikulemba kuti wina achite manyazi.

Wa Lolembayo ndi mtsikana. Anakhoza bwino MSCE zaka ziwiri zapitazo, ndipo Chingerezi chake n'chosalala kuposa changa. Anakafunsira ntchito yolandira alendo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Anamufunsa mafunso, anayankha. Anamuyesa pa kompyuta, anakhoza. Pomaliza anamuuza kuti ntchito ndi yake, bola hijabu azisiya kunyumba chifukwa alendo ena saikonda. Mtsikanayo anathokoza n'kutuluka. Pondifotokozera ankagwetsa misozi. Usiku wake nditaitula nkhaniyi pakhonde la mzikiti itatha swala ya Isha, aliyense anapsa mtima. Wina anati tilembe kalata, wina anati tipite konko mawa lomwe. Panalibe amene anafunsa ngati limeneli ndi tsankho kapena ayi. Tonse tinalizindikira msangamsanga.

Wa Lachinayi ndi mnyamata, Mkhristu, mmodzi mwa ana a anansi athu amene amaphunzira nafe pasukulu ino. Amagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba ya Msilamu mnzathu, munthu amene timaima naye mzere umodzi pa swala. Wagwirako zaka zitatu. Ndiye amalemba katundu m'buku, ndiye amadziwa mtengo wa msomali uliwonse ndi malata aliwonse. Chaka chino kwabwera mwana wa alongo awo a bwanayo, amene sanagwirepo ntchito ya m'sitolo. Pakutha pa mwezi mnyamata wathuyu anamva kuti watsopanoyo akulandira pafupifupi kawiri kuposa iye, ndipo makiyi a kabati ya ndalama apatsidwa yemweyo. Atafunsa mwaulemu anauzidwa kuti ndalama sangasungitse munthu wosaswali. Koma Lachisanu masana onse akamapita ku Juma, amene amatsala yekha ndi katundu yense wa m'sitolomo ndi iye. Ndipo Lamulungu akapempha kuti ayambe wapita kutchalitchi m'mawa, amamudula ndalama ya tsiku lonse.

Nkhani yachiwiriyi ndinaifotokozanso pakhonde lomwe lija, kwa anthu omwe aja. Kunali zii. Patapita nthawi wina anati, “Komatu ndalama ndi zake.” Wina anati, “Wako ndi wako, Shehe.” Kenaka nkhani inatembenukira ku mtengo wa feteleza.

Chete ameneyu ndi amene wandilembetsa. Ife Asilamu a m'Malawi muno tsankho timalidziwa. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka kuti tili pafupifupi 14 pa anthu 100 aliwonse, ndipo ngakhale ambiri a ife timati nambalayo ndi yochepa, tonse tikudziwa kuti m'maofesi ambiri timakhala ochepa. Tikukumbukira mkangano wa hijabu ku Balaka mu 2019, pamene sukulu zinatsekedwa ndipo anthu anavulazana, mpaka bungwe la Public Affairs Committee linakhazika pansi atsogoleri a zipembedzo ndi kusainirana mgwirizano mu 2021. Akuluakulu ena pano anasinthidwa maina ali ana kuti alembedwe sukulu. Tikachitiridwa ife, maso athu amaona bwino kwambiri. Funso langa ndi lakuti maso omwewo amatani tikakhala kuti ife ndife mabwana.

Ophunzira musaganize kuti nkhaniyi ndi ya makolo okha. Ambiri a inu simudzalembedwa ntchito m'boma. Mudzatsegula golosale, chigayo, butchala, malo osokera zovala. Ena mudzagula njinga zamoto n'kupatsa anyamata kuti aziyendetsa, ena mudzakhala ndi bwato ndi chilimira ndi alovi anu. Tsiku limene mudzauze munthu woyamba kuti “uyambe mawa”, mudzakhala bwana, kaya malowo ndi kachipinda kamodzi. Ena mudzayamba mwapita ku Joni ngati achimwene anu. Afunseni achimwene anuwo mmene zimawawira kulandira theka la malipiro a mnzako chifukwa ulibe mapepala, kapena kugona ndi nsapato kuphazi ngati mu 2008 ndi mu 2015 pamene alendo ankasakidwa m'makomboni a ku South Africa. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ena mwa iwo akabwera ndi ndalama n'kutsegula sitolo kuno, amayamba kufunsa wofuna ntchito kuti kwanu n'kuti.

Amene munaphunzira nane nkhani ya Mtumiki Musa, mtendere ukhale pa iye, mukukumbukira mmene anafikira ku Madyan. Anali wothawa, wopanda wachibale, wopanda kalata ya mfumu, ndi chilankhulidwe cha kwina. Ife tikanati wobwera. Atathandiza atsikana awiri kumwetsa ziweto, mmodzi wa iwo anapempha bambo wake kuti amulembe ntchito, ndipo zifukwa zimene anapereka zinali ziwiri zokha, mphamvu zogwirira ntchitoyo ndi kukhulupirika. Katsegulani Surat Al-Qasas, aya 26 ndi 27, muwerenge nokha. Muonanso kuti nkhalambayo inanena poyera kutalika kwa ntchito isanayambike, zaka 8, kapena 10 ngati Musa atafuna yekha, ndipo inalonjeza kuti siimuvutitsa. Mtundu wake sunafunsidwe. Ulama akhala akutenga aya imeneyi ngati muyezo wa kalembedwe ka ntchito, ndipo ine sindinapeze muyezo wina wouposa.

Wina anena kuti Musa anali wokhulupirira, ndiye nkhaniyo sikukhudza mnyamata wa m'sitolo uja. Tiyeni tipite ku Hijra, chaka cha 622. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, ndi Abu Bakr akutuluka mu Makka, adani atalonjeza mphotho kwa amene angawagwire. Anafuna munthu wodziwa njira za m'chipululu zimene osaka sangaziganizire. Amene anamulemba ntchitoyo anali Abdullah ibn Uraiqit, ndipo panthawiyo sanali Msilamu, anali m'chipembedzo cha Akuraishi omwewo. Anamusungitsa ngamira ziwiri, anamuuza za phanga la Thaur kumene akabisale, anapangana kuti awapeze patapita masiku atatu. Ganizirani zimenezo. Chimene anamusungitsa chinali moyo wa Mtumiki. Munthuyo ankaidziwa ntchito yake ndipo anali wokhulupirika, basi. Ndiye ife ndi ndani kuti tinene kuti makiyi a kabati ya misomali sangasunge munthu wosaswali? Ndipo tinene zoona, alipo pakati pathu amene anaberedwa ndi munthu wa chipsera cha swala pamphumi.

Tsopano ndibwere pa mawu aja akuti wako ndi wako, chifukwa sindikufuna kuwanyoza. Chisilamu chimatilamula kusamala achibale, ndipo kudula chibale ndi tchimo lalikulu. Kuno kwathu mwana wa mlongo wako ndi udindo wako, ndipo mwini mbumba amene ali ndi sitolo koma ana a alongo ake akungoyendayenda amanenedwa m'mudzi monse. Palibe cholakwika kumutenga mwanayo kuti aphunzire malonda. Cholakwika chimayamba pamene thandizo la kwa mbale mwalibisa m'malipiro. Ngati mukufuna kuthandiza mwana wa mlongo wanu, mupatseni malipiro a ntchito imene akugwira, ofanana ndi a wina aliyense wa pa ntchito imeneyo, ndipo zoonjezera mumupatse kunyumba kuchokera m'thumba mwanu. Pamenepo mwapeza malipiro a sadaka ndi a chibale pamodzi. Koma mukamulipira kawiri kuposa amene akumuphunzitsa ntchito, ndalama yoonjezerayo mwaichotsa pa thukuta la mnzakeyo, ndipo mwamuuza kuti zaka zake zitatu zilibe mtengo. Mwanayo nayenso simunamuthandize. Mwamuphunzitsa kuti makiyi amabwera chifukwa cha amalume.

Za mawu akuti ndalama ndi zake ndinene mwachidule. Amene amaswali kasanu amadziwa mwini chuma weniweni, ndipo amadziwa kuti adzafunsidwa mmene anachipezera ndi mmene anachigwiritsira ntchito. Surat Al-Mutaffifin imadzudzula amalonda amene amafuna muyezo wodzadza akamalandira koma amachepetsa akamapereka. Timaiwerenga ngati ikunena za sikelo ya mpunga ndi chigoba cha ufa zokha. Bwana amene amalandira tsiku lathunthu la ntchito kwa anthu awiri, n'kulipira wina mokwanira wina moperewera chifukwa cha dzina lake, sikelo yake ili ndi mwala pansi.

Nalo lamulo la dziko silinasiye nkhaniyi m'manja mwa mwini ndalama. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho. Lamulo la zantchito la Employment Act la 2000, m'gawo 5, limaletsa kusala wantchito kapena wofunsira ntchito chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, dziko lochokera, ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, ngakhale udindo wa pabanja. Limakhudza polemba ntchito, pophunzitsa, pokweza, pa malipiro ndi pochotsa. Gawo 6 limafuna malipiro ofanana pa ntchito yofanana. Lamulo limeneli ndi limene likuteteza mtsikana wathu wa hijabu, ndipo ndi lomwelinso likuteteza mnyamata wa m'sitolo. Sitingalinyamule Lolemba n'kulibisa Lachinayi. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Ndinamva ena a ife akuseka chigamulocho. Sanaone kuti khomo limene analowera ana amenewo ndi lomwe amalowera ana athu ovala hijabu.

Pali ntchito zina zimene chipembedzo ndi mbali ya ntchitoyo. Wozinga nyama pa butchala ya halal, muazini, mphunzitsi wa Qur'an pa madrasa, amenewa tikafuna Msilamu palibe amene angatinene, monganso mpingo sungalembe ine kukhala mbusa. Pangano la bungwe la zantchito padziko lonse la ILO, la nambala 111 la 1958, limene Malawi inavomereza, limasiyanitsa tsankho ndi zofunika zenizeni za ntchito. Koma chilolezo chimenechi n'chopapatiza, ndipo ife timakonda kuchitambasula. Pa butchala yomweyo wolandira ndalama, wokolopa, wonyamula nyama pa njinga, ntchito zawo zikufuna chiyani chimene Mkhristu alibe? Dzifunseni moona mtima, ndikachotsa chipembedzo ntchitoyi iwonongeka pati? Ngati simukupeza powonongeka, ndiye kuti mukungofuna wanu.

Musaganize kuti tsankho lathu limathera pa anthu a zipembedzo zina. Lina limachitika pakati pathu pomwe, ndipo ndi limene limandichititsa manyazi kwambiri. Uyu ndi Myao weniweni, uyu ndi Mlomwe wongolowa, uyu ndi wa ku Nkhotakota. Uyu ndi wa sikiri, uyu ndi wa sukuti. Ndikudziwa mnyamata amene analowa Chisilamu ali wamkulu, abale ake anamutaya, ndipo atafuna ntchito kwa ife anauzidwa kuti tiyambe taona ngati akhazikike. Ndikudziwa malo amene malangizo a ntchito amaperekedwa m'Chiyao chokhachokha pamaso pa wantchito wosachimva, kenaka n'kumukalipira kuti sanamvere. Chiyao ndi chathu ndipo tisachite nacho manyazi, ine ndimalota m'Chiyao. Koma chilankhulo ukachigwiritsa ntchito ngati mpanda wotchingira munthu, wachinyazitsa wekha. Ambiri a inu makolo munagwirako ntchito m'masitolo a m'tauni, ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndipo mumandiuza mmene zinkawawira kuima phewa ndi phewa ndi bwana mumzikiti, kenaka kuntchito n'kupatsidwa kapu yanuyanu yomwera madzi. Kapu imeneyo musaibweretse m'sitolo zanu.

Imam Bukhari anasunga nkhani ya Abu Dharr, swahaba wamkulu, amene pokangana ndi munthu wina anamunyoza potchula mayi ake. Mtumiki anamudzudzula kuti akadali ndi khalidwe la nthawi ya umbuli, ndipo anapitiriza kulangiza kuti anthu amene ali pansi pa ulamuliro wathu ndi abale athu, adye zimene timadya, avale zimene timavala, tisawasenzetse zowaposa mphamvu, ndipo tikawasenzetsa tiwathandize. Patapita zaka Abu Dharr anaonedwa atavala zofanana ndi wantchito wake. Chimene ndimakonda pa nkhaniyi n'chakuti wolakwayo anali munthu wabwino, wa swala ndi kusala. Tsankho limatha kukhala mwa munthu wopembedza iye osadziwa. Bwana wa m'sitolo uja si munthu woipa. Anathandizapo pomanga chipinda china cha sukulu ino.

Amayi ndi atsikana ali ndi mtolo wawo pa nkhaniyi. Mtsikana akafunsira ntchito timamufunsa ngati ali pabanja, ngati akufuna kubereka posachedwa, mafunso amene mnyamata sitimufunsa. Akaima timayamba kumupezera zifukwa mpaka achoke. Lamulo la zantchito lija limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Ndikudziwa kuti kwa mwini golosale wa antchito awiri masabata 8 ndi katundu wolemera. Koma katundu ameneyu amapepuka ukamukonzekera, kuika kangachepe pambali mwezi ndi mwezi monga timachitira ndi lendi. Ife amene timaphunzitsa ana kuti mayi ndiye woyamba kulemekezedwa, tikamachotsa munthu ntchito chifukwa akukhala mayi, anawo amaona. Tisaiwalenso kuti Mtumiki asanalandire uthenga ankayendetsa malonda a mayi Khadija, ndipo anamulemba ntchitoyo atamva za kukhulupirika kwake.

Palinso choipa china chimene ndichitchule ngakhale nyuzi ino imawerengedwa ndi ana. Bwana kapena kapitawo amene amafunsira chibwenzi mtsikana wantchito, n'kumuonetsa kuti ntchito yake ili pa yankho limene apereke, wachita haramu ndipo waphwanya lamulo la Gender Equality Act la 2013. Mwini malonda sanganene kuti sindinadziwe ngati sanatsegule khomo loti mtsikanayo adzadandaule popanda kudzera kwa womuvutitsayo. Atsikana a pasukulu ino, zikadzakuchitikirani musadzakhale chete poopa kuti anthu adzati munayamba ndinu.

Za anthu a ulumali tili ndi sura ya Abasa, imene chiyambi chake chinatsika pa nkhani ya Abdullah ibn Umm Maktum, munthu wosaona. Pambuyo pake anakhala muazini pamodzi ndi Bilal, ndipo Mtumiki akamatuluka pa maulendo ena ankamusiyira kutsogolera swala ku Madina. Sanangomumvera chisoni, anamupatsa ntchito. Ife munthu woyenda ndi ndodo akabwera pa sitolo timapisa m'thumba kufuna ndalama yachitsulo asananene chimene wabwerera, mwina wabwera ndi satifiketi ya zowerengera ndalama. Mnyamata wachialubino timati makasitomala achita mantha. Amene akumwa ma ARV timamunong'ona mpaka asiye yekha. Dziwani kuti lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa bwana kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe ntchito. Wantchito akakuuzani za matenda ake kuti mumulole kukatenga mankhwala, wakusungitsani amana, ndipo mukakauza ena pa tiyi mwaiphwanya.

Nanga mwini malonda amene akufunadi kuchita chilungamo ayambire pati? Ine ndimati ayambire pa cholembera, asanaone nkhope ya munthu. Mtima wa munthu umakondera, wanga womwe. Ndikamachonga mayeso ndimapinda pepala kuti ndisaone dzina, chifukwa ndinadzigwirapo ndikupatsa malikisi oonjezera mwana amene amandipatsa salamu bwino. Choncho musanalengeze kuti mukufuna wantchito, lembani pa pepala ntchitoyo ndi yotani, ikufuna luso lanji, maola angati, malipiro ake ndi angati. Malipiro akhale a ntchitoyo, aliyense amene aipeze awapeze momwemo. Kenaka lengezani poti anthu onse amve. Mukangolengeza mumzikiti itatha Juma mwasankha kale, amayi ambiri sanamve, anansi athu sanamve. Pepala limodzi pa khomo la sitolo ndi lina pa msika silidula. Ofunsira onse afunsidwe mafunso ofanana ndipo ayesedwe ntchito yeniyeniyo, awerengere chenji, asoke msoko, ayeze ufa. Ngati n'kotheka mukhale awiri pofunsa, winayo akhale munthu amene sakuopani.

Kwa amene muli kale ndi antchito, pali ntchito ya usiku umodzi imene ndikukupemphani. Tengani buku, lembani maina a antchito onse, ntchito zawo, zaka zimene agwira ndi malipiro awo. Kenaka yang'anani. Ndani ali pa kabati ya ndalama ndipo ndani akunyamula simenti? Ndani anakwezedwa? Ndani amadulidwa akachedwa, ndipo ndani amangonenedwa pang'ono? Ngati onse a pamwamba ndi a mtundu umodzi, mzikiti umodzi kapena mudzi umodzi, mwina zinangochitika, koma mwina ayi. Pa kusiyana kulikonse kwa malipiro mukhale ndi chifukwa chimene mungachinene mokweza pamaso pa antchito onse osagwetsa nkhope.

Nkhani ya nthawi ya mapemphero ndi yosavuta kuposa mmene timaipangira. Ife takhala tikupempha mabwana a zipembedzo zina kuti atipatse ola la Juma, kuti atimvetse m'mwezi wa Ramadhani, kuti atilole pa Idi ya nsembe. Zimene timapemphazo tipereke. Wa Lamulungu apite m'mawa, wa Sabata mugwirizane naye za Loweruka, ndipo amene watsala pa sitolo Lachisanu aziwerengeredwa kuti wabweza. Sitolo ya antchito a zipembedzo zosiyana ili ndi mwayi umene ena alibe, siitseka Lachisanu ndipo siitseka pa Khirisimasi. Samalaninso pakamwa pa ana anu ndi akapitawo anu. Ife tinakula tikutchedwa achawa ndi anasala, ndipo tikudziwa kuti mawu amene amanenedwa moseka amatsala mumtima. Mawu akuti kafiri asamveke m'sitolo mwanu ngati dzina loitanira munthu. Mwana wanu akalakwira wantchito, apepese pamaso pa amene anaona.

Ikafika nthawi yochotsa munthu ntchito, mumve kaye mbali yake. Lamulo limafuna zimenezo, ndipo Chisilamu chinatiphunzitsa kale kuti woweruza asagamule atamva mbali imodzi. Katundu akasowa m'sitolo, yang'anani amene mumayamba kumukayikira. Ngati nthawi zonse ndi wobwera, vuto lili pa maso anu. Aya 8 ya Surat Al-Maida imatichenjeza kuti kudana ndi anthu kusatichititse kusiya chilungamo, ndipo ngati zili choncho kwa amene timadana nawo, nanga kwa amene amatitsegulira sitolo m'mawa uliwonse? Ophunzira, mukadzakhala kumbali yochitiridwa, dziwani kopita. Pa boma pali ofesi ya zantchito imene imamva madandaulo ndi kuyanjanitsa, pamwamba pake pali khoti la Industrial Relations Court, palinso bungwe la Malawi Human Rights Commission. Sungani kalata yanu ya ntchito, ndipo lembani masiku ndi mawu amene ananenedwa, chifukwa pofika kumeneko adzakufunsani.

Akuluakulu a komiti, ndi ulemu wonse, nanunso ndinu mabwana. Mzikiti uli ndi mlonda, wosesa, muazini, aphunzitsi a madrasa. Sukulu ino ili ndi ophika ndi aphunzitsi a zipembedzo zosiyana. Ntchito ya usiku umodzi ija tiyambe ndife. Ndikufunsa poyera ngati mayi amene amaphunzitsa Qur'an atsikana amalandira zofanana ndi bambo amene amaphunzitsa anyamata maola omwewo, ndiponso ngati mlonda wathu amalandira malipiro ake pa tsiku lake kapena amadikira kuti zopereka za Lachisanu zikwane. Tikayankha mafunso amenewa tidzakhala ndi nkhope yopemphera khutuba imodzi pa nkhaniyi, ndi yoitanira amalonda athu kuti tikambirane.

Mtsikana uja tamuthandiza kulemba dandaulo lake, ndipo bambo ake analiperekeza okha ku ofesi ya zantchito. Akudikira tsiku loti aitanidwe. Kwa bwana wa sitolo ndinapita ndekha Loweruka lapitali. Anandilandira bwino, tinamwa tiyi, ndinamukumbutsa za Abdullah ibn Uraiqit. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati za Lamulungu wamva, sadzamudulanso. Za malipiro anati aganizira. Za makiyi anati alongo ake sangamvetse. Ndinamuuza kuti ndibweranso Lachisanu ikatha Juma, ndipo ndikupempha mmodzi wa akuluakulu a komiti amene anali pakhonde usiku uja kuti adzandiperekeze.